Dimba la aNamwale Pansi pa Madzi

Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi pakati pa mwana wanga woyamba, Esitere. Nkhondo ya azungu inali itangotha kumene, ndipo amuna amene anatengedwa utengatenga, kukasenza katundu wa asilikali, ankabwerera mmodzimmodzi, owonda, ena akutsokomola, ena osabwerera n'komwe. Minda yambiri inalimidwa ndi akazi okha, mvula nayo inadula msanga, choncho pokolola nkhokwe zinangofika m'chiuno. Anthu a kuno kumunsi kwa phiri la Mphangwe akamakumbukira chaka chimenecho amanena za gaga ndi miyendo yotupa. Nanenso zimenezo ndinaziona. Koma ndikatseka maso chimene chimabwera poyamba ndi madzi, ndi mawu a mayi wina akundiuza poponda.

Okutobala

Ine kwathu ndi ku Vubwi. Kuno ndinabwera chifukwa cha amuna anga, aYohane Mbewe, amene a mishoni anawatuma kudzaphunzitsa pa kasukulu ka m'mudzi, chapafupi ndi njira yochokera ku Mkaika kulowera ku Sinda. Anzanga onse anakwatiwa ali pakhomo pa amayi awo. Ine ndinali pachilendo, wopanda mbale woti n'kukagogoda pakhomo pake. Munda umene tinapatsidwa unali mphanje, wodzaza zitsa, ndipo chimene tinakolola chinali chitatsala m'dengu limodzi pamene dzuwa la Okutobala linayamba kuwotcha.

Kumunsi kwa mudzi kunali damu, ngakhale masiku amenewo tinkangoti dziwe la Mzungu. Mzungu wina wolima thonje anatseka kamtsinje ndi khoma ladothi nkhondo isanayambe. Dothilo anasenza ndi anthu a m'mudzimo pogwirira msonkho. Madzi atadzaza anamiza dambo lonse pamodzi ndi madimba ake. Kenaka mwini wake anapita kunkhondo osabweranso, nyumba yake inagwa, koma khoma linakhalabe. Anthu ankadana nalo dziwelo. Ankatungamo madzi chifukwa kunalibe kwina.

Amuna anali atayesa kale kuwedzamo. Ankakhala pamwamba pa khoma, pamene madzi ndi akuya koposa, n'kumangirira mwala ku chingwe kuti mbedza ifike pansi penipeni, poganiza kuti nsomba yaikulu imagona pakuya. Ankabwerako chimanjamanja. Ndiye kunamveka mphekesera yoti m'dziwemo muli napolo, ndipo anameza nsomba zonse.

Ine ndinakulira m'mbali mwa mtsinje. Bambo anga ankaluka miono, madengu aatali aja amene nsomba ikalowa situlukanso, ndipo popeza analibe mwana wamwamuna, wong'amba nsungwi ndinali ine. M'mawa potunga madzi ndinkaona timizere tozungulira pamwamba pa dziwelo, ndipo ndinkadziwa kuti napolo sachita timizere tating'ono chotero. Ndinadula nsungwi, ndinaluka mono kuseri kwa nyumba, ndinaikamo kagaga pang'ono kamene mtima unandipweteka pokataya. Nanenso ndinapita pakhoma pomwe paja, n'kuumiza ndi mwala.

Kutacha ndinaukoka. Unatuluka wopanda kanthu, wakuda bii, ukununkha ngati mazira owola.

"Amayi aphunzitsi, mwatchera pachitsime panga."

Nditacheuka ndinaona aNamwale ataima ndi mtsuko pamutu. Anali mayi wamtali, wa ana atatu. Amuna awo anapita ku Halale kalekale osatumiza ngakhale moni, ndipo iwo ankalera anawo pofulula mowa. Tsiku limene ndinafika m'mudzimo, akazi a mumpingo anandilozera nyumba yawo kuti ndiyo yosafunika kuizolowera.

"Chitsime chanu?" ndinafunsa.

"Eya. Pansi apo panali dimba langa ndi chitsime chake. Mayi anga analima pamenepo, ine ndinalimapo." Anatula mtsuko n'kuyamba kuloza ndi chala. "Nthambi zouma zikusuzumira apozo ndi mkuyu umene ndinkapumirapo. Kudzanja lake lamanzere kuli chulu chachikulu, simungachione, koma chilipo. Kuchoka pachulu kufika kubango uko inali mizere yanga ya mbatata. Tsidya ilo ndi mchenga wokhawokha, nzimbe zinkakana. Mtsinje wakale umakhota chonchi, n'kudzafika pamene mwaima inupo. Pamenepo ngakhale kale panali matope onunkha."

Ndinawafunsa kuti nanga nsomba zili pati.

"Nsomba ine sindizidziwa. Koma pansi apo ndikhoza kuyenda nditatseka maso."

"Ine pansi sindipadziwa," ndinatero, "koma mono ndimaluka."

Anandiyang'ana kumimba, kenaka kumaso. "Ndiye lukani wina. Mowa palibenso woti ndifulule, chimera chinatha."

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pang'ono, yongoziziritsa fumbi, koma anthu anabzalabe. Ena analibe chobzala chifukwa mbewu anali atakazinga. Mbuzi imene kale inkagula dengu lodzaza tsopano inkagula lichero limodzi la chimanga, ndipo wogulitsayo ankachita kunyada. Ife tinayamba kudya kamodzi, dzuwa likapendeka.

M'mawa tinkalima, masana dzuwa litaswa mtengo ine ndi aNamwale tinkalowa m'dziwe. Iwo patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo ndi miono. "Pondani apa. Apa pali mzere, kwezani phazi. Uko musapite, n'kutsetsereka." Tinalibe choyezera kuya, choncho tinkayeza ndi thupi: m'bondo, m'chiuno, m'chifuwa, m'khosi. Mono uliwonse tinkauika pamalo pake n'kukumbukira chimene wagwira. Mwezi usanathe tinali titadziwa kuti dziwelo lili ngati mudzi, aliyense ali ndi pakhomo pake.

M'bondo, m'maudzu ndi m'bango, munali matemba, tinsomba tating'ono tonyezimira toyenda m'chigulu. Amenewa sankafuna ngakhale mono. Tinkagwira nsalu awiri, wina uku wina uku, n'kukokera kumtunda.

M'chiuno, pamchenga paja pankakana nzimbe, panali makumba. Tsiku loyamba phazi langa linalowa m'kadzenje kozungulira bwinobwino ngati mbale, ndinaponda kena, kenanso. ANamwale anati, "Ine maenje amenewa sindinakumbe." Tinaima duu mpaka madzi anadikha, ndipo tinaona nsomba yakuda ikuzungulira m'kadzenjeko, ikuthamangitsa zinzake. Zinali zisa. Tinagwirizana kuti pazisa penipeni tisatchere, tizitchera m'mphepete momwe zimadutsa popita kukadya ndere.

M'chifuwa, kuzungulira chulu ndi m'mizu ya mkuyu, munali nkholokolo. Nsomba imeneyi ili ndi minga itatu yolimba, ndipo ukaigwira imalira ngati chitseko. Inandibaya pachala chachikulu, dzanja lonse linawawa mpaka m'khwapa. ANamwale anaseka mpaka kumwa madzi, kenaka anandiyamwa balalo.

Milamba inali paliponse pali matope, makamaka m'mizere yakale ya mbatata. Masana inkakwera kudzameza mpweya, n'kubwereranso pansi.

Kupitirira m'khosi kunali kwina. Ukafika m'mphepete mwa mtsinje wakale uja, madzi a m'chifuwa ali ofunda ngati osamba mwana, koma kumapazi kukuzizira ngati wina wakugwira ndi manja. Malire ake unkachita kuwamva pakhungu. Tsiku lina mono umene tinatchera pafupi ndi chulu unatsetsereka n'kugwera kozizirako. Pouvuula tinapeza makumba ali momwemo koma onse atafa, kukamwa yasa, osalumidwa ndi chilichonse. ANamwale anaununkhiza n'kulavula.

"Ndiye amuna aja ankawedza kumanda," anatero.

Kunyumba ndiwo zinayamba kuoneka. AMbewe ankadya mosangalala, koma tsiku lina atasamba m'manja anandiitana kuti ndikhale pansi.

"ANaphiri, akulu a mpingo andiyitana. Akuti mkazi wa mphunzitsi akungokhalira m'madzi ndi wofulula mowa, nsalu ili m'ntchafu."

"Inu mwawayankha chiyani?"

"Ndati ndikamva kwa eni ake."

"Eni ake akuti mwana ali m'mimbamu sadya mawu a akulu a mpingo."

Anaseka pang'ono, koma nkhope inali yodandaula. Ntchito yawo inali m'manja mwa anthu omwewo. Mawa lake ndinawapeza kuseri kwa nyumba akung'amba nsungwi, molakwitsa, zokhuthala ngati zomangira nkhokwe. Sindinawadzudzule.

Disembala

Mvula yeniyeni inabwera ndi mabingu, ndipo kamtsinje kolowa m'dziwe kanadzaza mpaka kusefukira m'maudzu. M'mawa mwake ana a aNamwale anabwera akuthamanga kuti udzu ukuyenda. Inali milamba. Yonse inachoka m'matope n'kukwera ndi madzi atsopano kukaikira mazira m'udzu wosafika ndi m'katumba momwe, misana ili pamtunda. Mudzi wonse unathamangirako, ena ndi mikondo, ena ndi mipini, ena manja okha. Akulu a mpingo omwe aja ndinawaona atakwinya nsalu, akulimbana ndi mlamba m'matope. Za napolo palibe anazitchulanso.

Anthu ambiri anadya zonse sabata lomwelo. ANamwale anakumba ng'anjo kuseri kwa nyumba yawo, ndipo tinawamba yathu pautsi mpaka inauma gwa. Anati, "Nsomba yokha sikhalitsa m'mimba. Izi zikagule ufa."

Kenaka mvula inaleka. Chimanga chinali m'bondo, masamba anapota. Ana kusukulu anayamba kuchepa, otsalawo ankagona pansi pophunzira, mpaka aMbewe anatseka. Kunamveka kuti Boma litumiza chimanga, anthu anapita kukadikira pamsewu, anabwerako ndi fumbi. Kunamvekanso kuti kwa Apwitikizi kuli mapira ndi chinangwa, koma ena ankati ukawoloka amakugwira n'kukakugwiritsa ntchito yakalavulagaga. Mabanja ena anatseka nyumba n'kupita kwa abale awo kutali. AMbewe anasenza mtolo wa milamba, wathu ndi wa aNamwale pamodzi, n'kulowera kumalire ndi amuna ena kukasuma.

Januwale

Mwezi umenewu sindikonda kuukumbukira. Mvula inabweranso, chimanga chinadzuka, koma chimanga chobiriwira sichidyedwa. Anthu ankaphika mango osakhwima, ankakumba mpama kuthengo, ankasinja mitsitsi ya nthochi. Nsalu yatsopano inkagula mbale ya gaga. Mwana wa nyumba yoyandikana nafe anatupa miyendo ndi nkhope, ndipo tinamuika m'manda tsiku la mvula, okumba akupumira kawirikawiri chifukwa chosowa mphamvu.

Dziwe nalo linasintha. Madzi anakwera n'kuda, ndipo zonse zimene tinaphunzira zinasuntha. Pamene panali m'chiuno panakhala m'khosi. Matemba anamwazikira m'udzu watsopano, makumba anachoka pamchenga paja n'kutsata m'mphepete mwatsopano. Miono inkatuluka ndi tiwiri titatu. Ine mimba inali italemera, ndipo madzi akandifika m'chifuwa ndinkabanika. ANamwale anamanga makungwa ndi mathunthu a nthochi pamodzi, n'kumagona chafufumimba pamwamba pake, kupalasa ndi manja mpaka pamkuyu. Kumeneko ankapachika miono kunthambi, osaifikitsa pansi, ingolendewera pakati pa madzi pamene kufunda kumathera. Ine ndinkakhala kumtunda nditagwira chingwe cha luzi chimene anadzimanga m'chiuno, chifukwa kusambira sankadziwa. Nkholokolo za pamkuyu ndizo zinasunga nyumba ziwirizo.

AMbewe anabwera ali mafupa okhaokha, mapazi atang'ambika, koma ndi mapira pamutu. Anawathira pamphasa n'kugawa pakati, mulu wina wa aNamwale.

Masiku omwewo amuna anasonkhana pakhoma ndi makasu. Amene ankatsogolera anali aChimwala, bambo wa mwana tinaika uja. Maganizo awo anali oti agumule khoma, madzi onse apite, anthu atole nsomba pamatope. Sindikanawada. Munthu amene waika mwana saona za mwezi wamawa.

"ANamwale," anatero aChimwala, "inu ndiye muyenera kukondwa. Dimba lanu libwerera."

Ndinawayang'ana aNamwale. Ndinkadziwa mmene ankalikumbukirira dimbalo, mzere uliwonse. Ndinaopa kuti avomera.

"Dimbalo ndimalilota," anatero. "Koma mukagumula lero, tidya masiku angati? Ndi mvula iyi tiwamba ndi nkhuni ziti? Zambiri zipita ndi madzi, zotsala ziwolera pano. Ndipo mbatata ndikabzala mawa, ana anga adzadya liti?"

"Inu mukutero chifukwa mukudya. Ife tikaponya mbedza sitikoka kanthu."

"Chifukwa mukuponya kumanda. Bweretsani akazi anu mawa, ndi nsungwi."

Makasu sanabwerere kunyumba mosangalala, koma anabwerera. Kuyambira tsiku limenelo khonde lathu linasanduka poluka miono. Sukulu ya aMbewe inali yotseka, yanga inatsegulidwa. ANamwale ankatenga akazi awiriawiri kukawaonetsa pansi: apa mzere, apa chulu, apa musapitirire. Anagawa malo monga amagawira minda, kuti miono isaunjikane pamodzi. Sizinali zokhutitsa. Zinali zoti munthu adzuke mawa.

Febuluwale

Kunabwera mvula ya mtundu wina, yamphepo yozizira, yosalekeza, ngati ya mu Juni. Inawomba masiku angapo, dziwe likuchita mafunde kumenya khoma. Tsiku limene kunacha bwino, ndinamva phokoso kumadzi.

Fungo linandipeza ndisanafike. Madzi anali otuwa ngati phulusa. Pamwamba ponse panali nsomba, makumba, nkholokolo, matemba, zina zitagadama, zambiri zili moyo koma zikuyasama kumwamba ngati anapiye. Ndi milamba yokha imene inkasambira osavutika. Anthu anaima m'mphepete, njala ili m'maso, koma palibe anagwira ngakhale imodzi.

"Katupe uyu," wina anatero. Katupe ndi mankhwala amene ena amasinja n'kuthira m'madzi kuti nsomba ziledzere. Wina anati si katupe, katupe sanunkha chotero, awa ndi mankhwala oipa. Kenaka mawu anayamba kulowera kumodzi. Ndani amadziwa dziwe lonse? Ndani anakaniza kugumula khoma kuti nsomba zikhale zake? Ndani ali ndi chifukwa chodana ndi madzi amenewa? AChimwala ananyamula ndodo. ANamwale anali ataima okha, ana awo atawagwira nsalu.

AMbewe, amene sankakweza mawu ngakhale kwa ana a sukulu, anapita kukaima pakati. "Mayi awa mapira anga ndinagawana nawo. Wowagwira ayambe wagwira ine."

"Aphunzitsi, inu ndinu mlendo pano," anatero aChimwala.

"Ndine mlendo, eya. Koma tiyeni timve kaye."

Ine fungo lija ndinkalidziwa. Ndinawauza za mono wanga woyamba umene unatuluka wakuda pakhoma, ndi wina uja unatsetsereka nsomba n'kuferamo. Ndinalowa m'madzi mpaka m'chiuno n'kuwauza kuti aliyense alowe amve yekha: kale kumwamba kunkafunda, pansi kuzizira, lero n'chimodzimodzi kuyambira kumapazi mpaka pamwamba. "Mphepo ija yavundula dziwe ngati mthiko. Madzi akufa a pansi aja akwera. Nsombazi zikubanika, sizinadye kanthu."

Akazi amene tinkatchera nawo analowa, anamva, anavomera. Mmodzi anathamangira kumtunda kumene kamtsinje kamalowera, n'kufuula kuti kumeneko nsomba zadzazana, zamoyo bwinobwino, mitu italoza kumadzi atsopano. Komabe anthu anakayika. Mawu a mkazi wachilendo sanali okwanira kuti munthu apatse mwana wake nsomba yoyandama.

ANamwale ndiwo anayamba. Analowa m'madzi, anatola makumba amene ankapumabe, anakoleza moto pomwepo ndi bango louma la padenga la kachisakasa ka abusa a mbuzi kamene kanali pafupi, anawotcha. Anadya iwo, anapatsa ana awo onse atatu. Ine ndinakhala pansi pambali pawo n'kutambasula dzanja.

"Inu ayi," ananong'ona. "Muli awiri."

"N'chifukwa chake," ndinatero.

Ndinadya anthu onse akuona mimba yanga. Ndinkaopa, sindinama, chifukwa chimene ndinkadziwa ndinkachidziwa ndi khungu ndi mphuno basi. Tinakhala pamenepo dzuwa likukwera. Mwana wamng'ono wa aNamwale anamaliza yake n'kupempha ina. Ndipamene akazi a aChimwala anatula mwana wawo wotsala kumsana, n'kulowa m'madzi ndi lichero.

Tsiku limenelo tinatola mpaka manja kuchita dzanzi. Zofa kale, zotuwa maso, tinakwirira. Zopuma tinang'amba n'kuwamba, ndipo popeza dzuwa linali litabwerera, pamadenga onse a m'mudzi panayalidwa nsomba. Za kumtunda kuja, zimene zinathawira kumadzi abwino, aNamwale anapempha kuti zisiyidwe, ndipo nthawi ino anthu anamvera. AChimwala sanapepese ndi pakamwa. Madzulo anabwera ndi mtolo wa nkhuni zouma, anautula pang'anjo ya aNamwale n'kubwerera.

Nsomba zimenezo ndizo zinatiwolotsa. Amuna ananyamula zina kupita nazo kumidzi ya kumapiri kumene kunali chinangwa, ndipo m'mudzi mwathu simunaikidwenso munthu chifukwa cha njala.

Malichi

Maungu anayamba, kenaka nkhwani wa maluwa, kenaka chimanga chachiwisi. Tsiku limene ndinawotcha chimanga choyamba ndinalira, osadziwa chifukwa chake. Dziwe linayera pang'onopang'ono, ndipo m'udzu wa m'mphepete munadzaza tiana ta nsomba tosaoneka bwino, tochuluka ngati udzudzu.

Esitere anabadwa masana, mvula ikuwaza. Amayi anga anali kutali ku Vubwi, mitsinje itadzaza. Amene anandigwira msana anali aNamwale, ndipo ankandilankhula monga ankachitira m'madzi muja. "Pumani kaye. Tsopano limbani. Mwatsala pang'ono kufika." Mwana atalira anamusambitsa, anamuyang'anitsitsa n'kuti, "Wonenepa uyu. Nkholokolo zanga zonse zija zinkathera muno."

Epulo

Zokolola sizinali zambiri, koma zinali zokolola. Sukulu inatsegulidwanso. Mpingo unakonza tsiku lothokoza, loti aliyense abwere ndi zoyamba za m'munda mwake. Anthu anabwera ndi chimanga, mtedza, maungu, nzimbe, n'kuziunjika kutsogolo m'kachalichi kathu ka udzu.

Ndinali nditawapempha aNamwale kuti abwere. Anabwera, atavala nsalu yawo yabwino, koma anaima panja pansi pa mtengo wa msuku. Ndinatuluka kukawaitana.

"Ayi, amayi a Esitere. Chimera ndaviika kale, sabata lamawa ndifulula. Ndikalowa umo ndiye kuti ndikunamiza anthu. Ine ndimvera pompano."

Ndinabwerera n'kuwanong'oneza aMbewe. Anali atatsegula kale buku la nyimbo. Anayang'ana akulu a mpingo, anayang'ana pakhomo, kenaka anati, "Abale, muno mwatentha. Tiyeni tikathokozere panja."

Kunja sikunali kotentha, ndipo m'katimo simunali motentha. Aliyense anadziwa. Mkulu wa mpingo amene anadzudzula aMbewe mu Novembala uja ndiye anayamba kuimirira, ananyamula dzungu lake n'kutuluka. Ena onse anatsatira, aliyense ndi katundu wake, mpaka tinazungulira msuku uja, aNamwale ali pakati pathu, alibenso kothawira.

Tinaimba, aMbewe anapemphera, anatchula mvula, anatchula amene tinawaika, anatchula madzi ndi zokhala m'menemo. ANamwale anaima chilili nthawi yonseyo, maso ali pansi. Titati ameni, anapukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu n'kundigunda ndi chigongono.

"Mapemphero anu ndi aatali," anatero. "Bweretsani mwanayo kuno, msana wanu upume."